Matikiti a ku Évora

Lachitatu usiku, mbale zisanatsukidwe,
bambo ayala mapu patebulo,
mapu akale aja, othetheka m'mipindiro.
Chala chawo chinyamuka pa Lisbon,
chiwoloka mtsinje wa Tejo osanyowa,
n'kukaima pa kadontho kothimbirira ndi khofi.
"Évora," atero. "Loweruka.
Tipite n'kubwerako tsiku lomwelo,
ine pabedi la eni tulo sitibwera."

Ndatsegula foni.
Sitima yam'mawa, yamasana, ina yamadzulo,
ndikuwerenga mokweza
monga ndimawerengera mankhwala kuwodi usiku.
Iwo akuti yoyambirira:
dzuwa la ku Alentejo silinyengerera munthu,
likafika paliwombo ndi galu yemwe amaleka kuuwa.

Tsono ndiyamba masamu.
Ola ndi theka m'sitima.
Kuchoka pasiteshoni kukafika ku linga la mzinda pali chitunda,
kwa ine mphindi makumi awiri,
kwa mawondo a bambo Custódio, kaya.
Ndilemba kuti takisi.
Alanda cholembera n'kukhwatcha.
"Chitunda chimenecho ndinatsika ndi sutikesi paphewa
ndevu zisanamere."
"Munatsika, bambo. Loweruka n'kukwera."

Ine ndikufuna tikaone mizati ya Aroma
yoima yopanda denga
ngati mano otsala m'kamwa mwa nkhalamba,
ndi katchalitchi kaja ka makoma a mafupa a anthu.
Apukusa mutu.
"Mafupa ndili nawo anga, ndipo akundikwana.
Ndikufuna kamsewu kothina kuseri kwa msika
pomwe Gaspar ankasoka nsapato
ine ndikumuwongolera misomali ndi kanyundo."
Sindiwauza kuti ndafufuza kale:
pakhomo paja lero amagulitsa zikwama kwa alendo,
ndipo dzina la Gaspar palibe akulidziwa.

Mndandanda ukutalika kuseri kwa envelopu ya magetsi:
chipewa, madzi,
mapiritsi am'mawa, mapiritsi amasana,
buledi, tchizi cha mkaka wa nkhosa,
ndodo imene amakana kuti si yawo.
Sitima yomaliza yobwerera ndaizunguliza kawiri,
kachitatu cholembera chaboola pepala.

Mpando ukhale wa pawindo, atero,
akaone mitengo yosendedwa makungwa,
yofiira kuyambira m'chiuno kutsika,
ndi adokowe omanga zisa pansonga pa mapolo
ngati dziko lonse lapansi lawakana malo.

Ndikuti ndidine kuti ndilipire,
andigwira dzanja.
"Leonilde, wagula angati?"
"Awiri."
"Nanga mayi ako akhala pati?"

Firiji ikung'ung'udza yokha.
Pansi pamsewu basi yomaliza yadutsa yopanda anthu.
Mayi Benvinda tinawaika m'manda chisanu chadzana,
sikafu yawo ikadali pamsomali kuseri kwa chitseko,
palibe walimba mtima kuichotsa.
Ndiwayang'ana m'maso
kuti ndione ngati lero ndi limodzi la masiku aja
amene amandiitana ndi dzina la mlongo wawo.
Ayi. Maso ali mbee. Akudziwa.

"Zaka makumi anayi ndikumulonjeza," atero.
"Chaka chilichonse ndinkati chaka chamawa.
Mwina ndalama, mwina ntchito,
mwina iweyo ndi chikuku chako.
Ola ndi theka lokha, mwanawe,
koma kwathu sanakuonepo."

Ndikudziwa mtengo wa mpando wopanda munthu,
ndi nsomba za masiku atatu.
Ndikudziwanso kuti woona matikiti adzafunsa,
ndipo ine ndidzati akubwera,
kapena sindidzanena kanthu.

Ndibwerera m'mbuyo pafoni.
Pomwe panali awiri ndiika atatu.
Bogi yachiwiri, mipando yoyang'anizana,
umodzi wa pawindo.

Bambo apinda mapu mosamala,
mpindiro uliwonse m'njira yake yakale.
Aimirira, bondo lilira, agwira khoma.
Pakhomo la kuchipinda atembenuka.
"Wa pawindowo ukhale wake.
Ine njira ndikuidziwa."

Nditsala ndi mbale zija ndi envelopu.
Pansi pa ndodo, malo atsala pang'ono,
ndilemba ndi zilembo zing'onozing'ono:
sikafu.