Mabedi a a Namakhwa

Kanga ndi kachigawo ka mapazi khumi ndi awiri,
kuyambira pa chitsa cha gwafa
kukalekeza pomwe Likangala amayamba kununkhira sopo wa ochapa.
Ndinakapeza chaka chomwe matimati atatu
anafanana mtengo ndi kusokerera zipi pa thalauza.
Ine, telala wa pakhonde ku Mpondabwino,
ndinati singano ipumeko, ndilawe khasu.

Tilipo khumi ndi asanu, makeni ndi anayi.
Limodzi limadontha.
Wochedwa kudzuka ndiye mwini wake.

Kumtunda kwanga kuli a Namakhwa,
anapuma ntchito ya ku ndende,
koma ntchitoyo sinapume mwa iwo.
Mabedi awo ali pa perete,
mpiru waima njo, anyezi sayang'ana kumbali,
malire amangidwa ndi chingwe cha khonje.
Dzuwa likamabisala kuseri kwa phiri
amawerenga matimati, limodzi limodzi,
kuopa kuti lina ladumpha mpanda.

Kumunsi kuli Abiti Saizi.
Iwo amafesa ngati akuthamangitsa nkhuku:
bonongwe muno, therere umo,
kambuzi womera yekha salandira chilango.
Ndiye dzungu lawo linayanga,
linadutsa mwa ine osaodira,
linakwawa pansi pa chingwe chija
n'kukabereka pakati pa repu wa a Namakhwa.

Mlandu unatha milungu itatu.
Wina akuti mbewu ndi yanga,
wina akuti manyowa ndi anga,
ndinachita kuwasenza kuchokera ku khola la ku Sadzi.
Ine wapakati ndinkangopalira,
makutu ali tcheru, pakamwa pali tsabola.
Moni anauma. Keni ankapatsirana poliika pansi.

Kenako m'mawa wina perete inasowa mwini.
Tinamva kuti agonekedwa, shuga yakwera,
phazi latupa ngati chinangwa cha m'dambo.
Unali Okutobala,
mwezi womwe nthaka imayasamula ming'alu
ndipo mtsinje umatsala kamkanda kothothoka.

Palibe anaitanitsa msonkhano.
Ndaziona, mwana wa sukulu ya ku Chirunga,
amene amalima kuti asadye soya sabata yonse,
anatsanula keni lake lomaliza pa anyezi aja.
A Bwanali a kabaza anafinya mbozi ndi zala
njinga ili chigonere m'udzu.
Ine ndinang'amba nsanza za m'shopu
kumangira matimati pa timitengo,
mpaka bedi linavala ngati likupita ku chinkhoswe.

Koma amene ankafika mbandakucha
nkhungu ikadali pa Mulunguzi
sitinamuone.
Tinkangopeza dothi lanyowa kale,
ndi mapazi a patapata wodukira kuchidendene.
Tonse tikumudziwa patapata ameneyo.
Sitinanene.

Anabwera pa tsiku la makumi awiri ndi chimodzi,
ndodo kudzanja, jekete likulendewera.
Sanapereke moni. Anayamba kuwerenga.
Tinaima, madzi akudontha m'makeni.
Makumi asanu ndi limodzi, ndi anayi.
Anabwereza.
Ndinasiya makumi anayi, anatero,
enawa alowa bwanji?

Dzungu linali pompo, lakula ngati mtsuko,
pansi pake wina anayalapo udzu kuti lisaole.
Analiyang'ana nthawi yaitali.
Anatulutsa kampeni,
Abiti anamanga chitenje.
Mpeni unalambalala dzungu, unadula chingwe.
Kenako anachikulunga bwinobwino
n'kuchiika m'thumba,
poti chingwe ndi ndalama.

Dzungulo tinaliphika Loweruka mu diramu lodula,
lopanda mchere, chifukwa aliyense ankayesa mnzake abweretsa.
A Namakhwa anadya kachidutswa, adokotala analetsa zambiri,
koma nthanga anazisonkhanitsa pa nyuzipepala,
anaziwerenga,
n'kutigawira zisanu ndi ziwiri aliyense.
Zotsala zitatu akusungabe, akuti za mlandu.

Lero ndabwerera kunyumba ndi mpiru wodzaza jumbo,
zikhadabo zakuda, msana ukulira.
Mwininyumba wandikumbutsa za lendi.
Ndamupatsa mpukutu umodzi, wakhala chete mpaka mawa.
Keni lodontha lija likadali lodontha.
Mawa ndi langa, ndikudziwa,
chifukwa usiku uno ndili ndi madiresi atatu a ukwati.