Mutu Wachisanu ndi Chiwiri

Chilala ndinachilemba usiku, jenereta ikulira kuseri kwa nyumba,
dizilo wa madola khumi kuti mawu oti utsi aoneke pa kompyuta.
M'buku langa mayi wina amadzuka tambala asanalire
kukaima pamzere wa pamjigo ku Mabvuku,
zigubu zinayi, mwana kumsana.
Ndinam'patsa dzina, ndinam'patsa chifuwa,
ndinam'ng'amba zidendene ndi cholembera,
kenaka ndinakasamba madzi otentha.

Atandiitana kunja ndinakwera ndege.
Anandiombera m'manja
nditanena kuti nyanja ya Chivero yadwala,
kuti Okutobala wa ku Harare amawotcha munthu ali moyo,
kuti jakaranda akuchita maluwa nthawi isanakwane.
Za jakarandazo sindinaonetsetse. Zinangokoma m'kamwa.

Mlongo wanga Edesi ndiye amakhaladi ku Mabvuku.
Mpopi wakwawo unasiya kulankhula ali ndi pakati;
mwanayo pano akumeta ndevu.
Bukulo anawerenga lonse.
Anati: Achimwene, mwalemba bwino,
koma chigubu cha malita makumi awiri sachinyamula ndi dzanja limodzi,
ndipo pamzere paja sitilira ayi.
Timakangana, timaseka, timagulitsana tomato,
timajeda amuna athu.
Wolira ndinu.

Kenaka, akupukuta mbale, osandiyang'ana:
Nanga pomwe munamanga paja, kale si panali dambo?

Panali dambo.
Achule ankachezera pomwe pali galaja.
Puloti ndinagula motchipa,
ndinathira miyala malole asanu ndi atatu,
ndinaboola chitsime mpaka kumtima kwa thanthwe
ndipo zitsime za aneba zinayamba kutsokomola matope.
Izi m'bukumo mulibe.
Munthu woipa wa m'buku langa ali ndi chimimba, fakitale ndi benzi,
sanafanane nane ngakhale mphuno.

Lero magetsi azimanso. Jenereta sindinailize.
Musandiyamikire, dizilo ndiye watha.
Ndakhala pakhonde ndi kope la mwana wasukulu,
thukuta likudonthera pa mzere woyamba:

Ine, Yotamu Chisale, ndinakwirira dambo.

Ndafufuta.
Ndalemba kuti munthu wina.
Ndafufutanso, pepala labooka.
Ndabwezera dzina langa pambali pa chiboocho,
zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere.

Mitambo yasonkhana cha ku Ruwa,
yagunda kawiri, yabalalika.
Edesi watumiza uthenga pafoni:
ngati mukubwera Loweruka, mutitengereko madzi.