Mabatani Atatu ku Duluth

Mphepo yochokera kudoko ikuluma zala
ngakhale zili m'magolovesi.
Ndaima pa pampu yachinayi,
ine Solveig Aune, wa zaka 71,
ndipo aka n'koyamba kuthira ndekha petulo.

Mabatani atatu akundiyang'ana:
87, 89, 93.
Wa kumanzere ndi wamba, wa kumanja ndi wa mabwana.
Pakati pawo pali masenti 80 pa galoni
ndi mawu a mwamuna amene tinamuika m'manda mu Novembala.

"Galimoto ndi mlendo," ankatero Arvid,
"mlendo sapatsidwa makombo."
Ankanena pakhomo la tchalitchi, ankanena kometetsa,
chaka china anakangana ndi mlongo wanga pa Khirisimasi
mpaka msuzi unagwirana m'mbale.
Injini imamva, iye amati, injini imathokoza.
Mlongo wanga amati chitsulo sichithokoza,
buku la galimotoyi lalemba 87,
zinazo n'kungowotcha ndalama kuti utsi unuke chuma.
Ine ndinkangochotsa mbale.

Kumbuyo kwanga kwaima lole yowaza mchere m'misewu.
Dalaivala sakuliza hutala.
Wakhazika kapu ya khofi pachiwongolero, akundidikira
ngati mmene amadikirira chipale kuti chileke kugwa.

Ndabwerera m'galimoto kukafuna khadi la kubanki.
M'kabokosi ka kutsogolo, pansi pa mapu ong'ambika
ndi maswiti a chifuwa omatirira ku pepala,
muli kabuku kobiriwira komangidwa ndi labala.
Zolemba zake zija, zopendama ngati mpanda wakale.
Tsiku, mamailosi, magaloni, mtengo,
ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse, nambala.

87.
87.
87.
Masamba athunthu, chaka ndi chaka.
Britta ali ku koleji, 87.
Chaka chimene denga linadontha, 87.
Ngakhale chaka chimene anamukweza pantchito, 87.
Mlaliki wa mafuta apamwamba uja
ankathira wamba ngati wina aliyense,
n'kubwera kunyumba, n'kuvula nsapato, ali phee.

Ndaseka ndekha mpaka galasi lachita nthunzi.
Wabodza iwe, Arvid. Zaka zonsezi!

Kenako ndamuona 93 mmodzi,
ali yekhayekha pakati pa tsamba.
Juni 14, tsiku lokumbukira ukwati wathu,
pamene tinayenda maola atatu kukadya nsomba yokazinga
pamalo amene tinapeza atatseka.
Ndatembenuza masamba. Wina uyu:
m'mawa uja ananditengera ku Minneapolis
kwa dokotala wa mtima, tonse osayankhula.
Wina: mwana wa Britta atangobadwa.
Ndawawerenga ndi chala, akwana khumi ndi asanu ndi awiri,
ndipo pambali pa aliyense, ndi pensulo yofooka,
"Ulendo wautali. S. akwera."

Ndiye kuti galimotoyi yakulira wamba
ndipo sinatsokomolepo,
sinagogodepo pokwera chitunda cha kwathu
ngakhale m'Januwale.
Mlongo wanga ankanena zoona.
Sindimuuza.

Koma ndani angandiuze kuti masenti aja anapita pachabe?
Injini sinamve kanthu, inenso sindinamve kanthu,
ndinkangodandaula za wailesi ndi mpando wozizira,
osadziwa kuti pansi panga pakuyaka mafuta a mlendo.

Dalaivala wa lole watsitsa zenera.
"Mayi, pampu yavuta?"
Ayi, mwananga, ndikuwerenga.

Ndatuluka. Chivindikiro cha thanki chalimba ndi chisanu,
ndachipotokola ndi manja awiri.
Chala chazungulira pa 93 kanthawi,
kenako chadina wa kumanzere.
Payipi yanjenjemera m'dzanja langa,
manambala akuthamanga, fungo likulowa m'sikafu.

Pensulo ikadali m'kabuku, yolumidwa kumapeto.
Ndalemba pansi pa mzere wake womaliza,
zala zikukana:
Disembala 9. Magaloni 11. 87.
S. akuyendetsa.