Pensulo ya Ekiru

Ku Turkana, dzuwa likuswa mtengo kopanda mitengo,
Ekiru anagwada pamchenga
monga agwadira Lamulungu m'tchalitchi cha malata ku Kalokol,
koma m'manja munali kaburashi.

Dzino linasuzumira, lakuda bii,
lakale kuposa dzina lililonse.
"Kholo lathu," analemba m'kope.

Madzulo Nyokabi analiyeza katatu
naseka: "Nguluwe iyi!"
Ekiru anafufuta.
Sanalape. Palibe anamudula mumpingo.

"Nanga mumakhulupirira ziti, bambo?"
anafunsa dalaivala, akupopa tayala.
Ekiru anauzira tinyenyeswa ta chofufutira.
"Mulungu ndimamuitana, sindimuyeza.
Izi ndimalemba ndi pensulo."

M'mawa mwake, mbuzi zisanatuluke,
anali kale m'dzenje lomwe lija,
akusefa fumbi.