Mpeni wa pa Lizulu

Mpeni umene Zuze anabayira mnzake
ndi wanga, wosendera mbatatesi ya tchipisi.
Anabwereka Lachitatu. Sindinafunse.

Tsopano msika wonse wasanduka bwalo.
Abusa akuti ndi mavidiyo a nkhonya,
aphunzitsi akuti ndi bambo ake
amene anatchona ku Joni Zuze asanamere mano.
Wa kachasu tsidya la msewu
akuloza boma, uku akutsuka mabotolo.

Ine ndikukumbuka chaka chija
tinagwira wakuba kabichi,
tinamuponda mpaka anasiya kulira.
Kamnyamata kena kankalephera kuona.
Ndinakakweza pa matumba.
Kanawomba nafe m'manja.

Apolisi atenga mpeniwo.
Ndikusendera wina, wobuntha,
ndipo ndadzicheka kale kawiri.