Nkhondo Yopanda Utsi

Usiku umene magetsi anathima ku Izyum
sitinamve bomba.
Ngakhale agalu a kusiteshoni sanauwe.
Firiji inangotsokomola kamodzi n'kukhala chete,
makina opumira a mayi anga, Stefaniya,
n'kuphethira kadiso kofiira katatu.

Ndinawerenga mpweya wawo ndi zala mumdima.
Nditafika makumi anayi ndinasokoneza.
Poyambiranso, panalibe chowerenga.

Akuti kwinakwake kuli mnyamata
wa malaya ositidwa bwino, khofi pambali,
amene anadina batani n'kupita kukadya.
Bola akanabwera ndi mfuti pakhomo,
ndikanamuona nkhope, ndikanamulavulira.

M'mawa foni inalira.
Uthenga wa boma, chidindo chake chomwecho:
pitani ku mlatho wa kumpoto, mabasi akudikira.
Yaryna wa khomo loyandikana nafe
anakulunga mapasa ake m'bulangete limodzi,
nandisiyira kiyi kuti ndizithirira maluwa.
Ine ndinachedwa,
ndinali kuseri ndi fosholo,
kulimbana ndi dothi louma gwa ndi chisanu.

Pamlathopo panalibe basi.
Zimene zinalipo musandifunse.

Lero ndili pamzere ku Przemyśl.
Mtsikana wa jekete yachikasu walemba dzina langa kanayi.
Ostap Hnatyuk.
Kompyuta ikuti munthu wotere kulibe.
Akuti kaundula analowedwa usiku
ngati nyumba yopanda chitseko;
mayina ena anafufutidwa, ena anabedwa
pamodzi ndi manambala a nyumba
za abale athu otsala kumbuyo.
Mlongo wanga ali m'gulu liti?
Sindidziwa chopempha kwa Mulungu:
kuti afufutidwe, kapena apezeke.

Khadi la kubanki ndalipukuta pa thalauza,
ndalipumira mpweya, ndalilowetsanso.
Zaka makumi atatu ndi chimodzi
ndikupera magalasi m'fakitale
kuti anthu azionera patali,
koma lero buledi wandigulira mwana wasukulu.
Ndipo galasi loonera mdani uyu
sindinaliperepo.

Foni ndaizimitsa, ndaiika m'sokosi.
Ndapempha pensulo.
Kuseri kwa katoni ya sopo ndikulemba
Stefaniya, Yaryna, Marko ndi Lev,
zilembo zikuluzikulu, kudinikiza mpaka kuboola,
kuti wofuna kufufuta
ayambe wabwera kuno,
aime pamzere uno, azizidwe nafe.

Kiyi uja akadali m'thumba.
Maluwa sindinathirire.