Umboni wa Lukia

Anandiimbira Lachiwiri, magetsi atathima,
ndili pa benchi langa kumsika wa Mangochi,
foni ya munthu ili chitsegulire pamimba,
timisomali take ndatiunjika m'chivindikiro cha botolo.
Anali mawu a mzimayi, Chizungu choterera ngati sopo:
Ndinu mchimwene wa Lukia Mdoka?
Watipatsa dzina lanu kuti mumuchitire umboni.

Ndinapukuta manja pa thalauza ngati akundiona.

Akufuna anthu ojambula matchipi, anatero,
tinthu tochepa kuposa chikhadabo cha khanda,
toti tikakhale m'kati mwa zida zoteteza dziko.
Dziko lake sanalitchule.
Anthu oterowo ngochepa, amawasaka
ngati singano yogwera mumchenga,
koma asanamulembe ntchito afuna adziwe
madzi amene anamwa akukula.

Munamudziwa liti?
Ndinati, usiku umene ndinapalasa njinga yopanda mabuleki
kuchoka ku Mpondasi kukadzutsa anamwino.

Ali ndi ngongole?
Ndinakumbukira sikuludiraiva yanga ya chogwirira chofiira,
imene anabwereka ali Fomu 2 ndipo mpaka lero sinabwerere.
Ndinati ayi.

Kodi amasunga chinsinsi?

Apa ndinakhala kaye chete.
Kabaza anadutsa atanyamula makireti a mazira,
ndipo ndinaona wailesi ya bambo
tsiku lija ndinaiwotcha ndi waya wolakwika.
Lukia, wa zaka zisanu ndi zinayi, anaona utsi wake.
Bambo anamufunsa masiku atatu,
monyengerera, mokalipa, kenako ndi maswiti,
iye maso ali pa zala zake za kumapazi.
Usiku wachinayi anatenthetsa msomali pa makala
nalumikiza zimene ine ndinadula.
Bambo anamwalira akukhulupirirabe
kuti wailesi ija inachira yokha.

Amasunga, ndinayankha.
Mzimayi uja anathokoza, ndinamva akulemba,
ndipo kutali kwina chitseko chinatsekeka
ndi kiyi wotuluka m'kamwa mwanga.

Kale akaimba tinkatha mayunitsi pa nkhani ya mawaya,
amandifotokozera misewu ya magetsi imene wajambula,
mizinda yathunthu yokwana pa njere ya mpunga,
ine ndikuvomera ngakhale pomwe ndasochera.
Tsopano adzingoti, ntchito ili bwino, achimwene,
amayi akumwa mankhwala?

Ndinatseka kabokosi kanga, ndinayenda mpaka pa nsanja ya wotchi.
Mzinga wakale uja udakali pomwepo,
ana awiri ataukwera ngati bulu, akuyamwa mango.
Chitsulo chimenechi chinalibe ubongo.
Chinkadikira diso la munthu, ndi dzanja
limene likanatha kunjenjemera, kuzengereza, kuleka.
Zimene Lukia akajambule sizinjenjemera.

Kapena ndikumunamizira.
Mwina ndi kawailesi koti msilikali wovulala aitanire anzake,
mwina ndi diso loona usiku kuti mwana wa munthu asaponde bomba.
Sindikudziwa, ndipo ndalumbira kale
kuti iye si munthu woti angandiuze.

Malipiro ake akuti angafolere nyumba yathu kawiri.
Amayi amva, akweza manja kumwamba.
Ine ndikuwerenga amene tinawaperekeza pa depoti,
wa mankhwala, wa milatho, tsopano uyu,
ndipo mlatho wa Shire sudandaula,
umangowawolotsa, mmodzi mmodzi, ndi zikwama zawo.

Magetsi anayaka cha m'ma folo.
Mwini foni anabwera, mayi wogulitsa zitenje,
nandifunsa kuti chavuta n'chiyani.
Ndinamuonetsa kachinthu kakuda pansi pa galasi.
Katchipi aka kapsa, mayi.
Simungakakonze?
Ayi, ine ndimangochotsa n'kuikapo kena.
Wodziwa za m'kati mwake analipo, wa pa bere limodzi ndi ine,
koma ndamuchitira umboni lero m'mawa.